Buledi wonunkha masese

Chaka chimene dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale, bambo anati ndisamangokhala pakhomo ku Chitala kudikira dzinja. Ananditumiza kunyanja kuti ndikakhale ndi azakhali anga, alongo awo, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale pafupi ndi doko la asodzi. Azakhaliwo ankakhala okha, ana awo atakula kale, ndipo kuchipatala anali atangowauza kuti ali ndi matenda a shuga. Amayi anandimangira zitenje ziwiri ndi nsapato za kutchalitchi, kenaka anawonjezera thumba la mawere ndi kathumba ka mapira, chifukwa azakhali anali atatumiza uthenga kuti ndisabwere popanda zimenezo.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Mlendo akafika pakhomo pathu ndinkapeza ntchito kuseri kwa nkhokwe mpaka atapita. Chimene ndinkadziwa bwino chinali kugwira ntchito mosamala kuti munthu asandidzudzule, ndipo ndinapita kunyanja ndili ndi mtima umenewo.

Tsiku lomwe ndinafika, ndisanamasule ndi katundu yemwe, azakhali anandionetsa botolo la pakamwa papakulu, lovundikira ndi kansalu. Mkati munali phala lofiirira lotulutsa timathovu, lonunkha mowawasa.

"Iyi timaitcha mbewu," anatero. "Ndi imene imatupitsa buledi wanga. Anandigawira mphunzitsi mnzanga wa mu tauni. Kuyambira lero ameneyu ndi mng'ono wako. Akagona ndi njala, nawenso ugona ndi njala."

Ndinayankha kuti chabwino, osadziwa ngati akuseka kapena ayi.

Kuchipatala anali atawaletsa buledi woyera wa kugolosale, ndipo azakhali tiyi wopanda chotafunira sankamuwerengera kuti ndi tiyi. Ndiye anaphunzira kuphika wawo wa ufa wa mawere ndi mapira, wopanda shuga, wopanda yisiti wogula. Koma nthawi inkawachepera chifukwa cha sukulu, choncho ntchito yonse inagwera ine. Mawere ndinkawapeta, kuwatsuka kuti mchenga uchoke, kuwayanika pamphasa pabwalo, kenaka kupita nawo ku chigayo. M'mawa uliwonse ndinkatapa phala lina m'botolo muja n'kuthiramo ufa watsopano ndi madzi. Tsiku lophika ndinkasakaniza ufa wa mawere, wa mapira pang'ono ndi fulawa wa tirigu, chifukwa mawere okha sagwirana, n'kuthira mchere, madzi ndi mbewu ija. Ndikakanda ndi manja onyowa ndinkavundikira beseni ndi chitenje kuti mtandawo utupe. Uvuni tinalibe. Tinkaphikira mu mphika wokhuthala pa mbaula, makala ochepa pansi, ambiri pamwamba pa chivundikiro, monga momwe timaphikira chigumu kwathu.

Buledi wanga woyamba azakhali anamugogoda ndi chala, n'kumukweza m'mwamba ngati akumuyeza kulemera.

"Uyu tisadye," anatero. "Timusunge, tidzamangire khonde."

Wachiwiri anapsa pansi, mkati muli phala. Wachitatu anawawasa mpaka azakhali anatsinzina diso limodzi. Vuto linali kutentha kwa kunyanja. Ku Chitala kumatentha, koma kuja mbewu inkafufuma msanga n'kusefukira m'botolo dzuwa lisanafike pamutu. Ndinapeza nzeru yokwirira botololo mumchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, pakona ya khitchini, n'kuphimba ndi nsalu. Pamenepo mbewu inayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo buledi anayamba kutuluka wooneka ngati buledi: woderako ngati dothi la kudimba, khungu lake long'aluka pamwamba, mkati muli timabowo. Ndikamuchotsa mu mphika ndinkamuyika pafupi ndi khutu kuti ndimve akuthetheka pozizira. Azakhali anasiya nthabwala za khonde, ndipo ine ndinadziwa kuti kumeneko ndiye kuyamikira kwawo.

Kuseri kwa nyumba yathu, kutsidya kwa mpanda wa bango, kunkakhala amayi ena Achisilamu, akazi a msodzi, amene ankakazinga mandasi ndi nsomba zogulitsa. Amayi a kuseriwa ndiwo munthu woyamba amene ndinamuzolowera kunyanja. Chinandithandiza n'chakuti ankalankhula kwambiri moti ine sindinkafunika kunena kanthu. Ankanditchula kuti mwana wa kumtunda. Anandiphunzitsa kutsegula makha a chambo kuti ndione ngati ndi cha lero, ndiponso kuti wogulitsa akatchula mtengo woyamba ndiziseka kaye. Tinkabwerekana sefa, beseni, ngakhale moto. Azakhali akapita kusukulu, mawu a munthu amene ndinkamva tsiku lonse anali awo, akudutsa pamwamba pa mpanda.

Mvula itayamba kutha, mwezi wa Ramazani unafika, ndipo a kuseri anayamba kusala kudya masana onse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'mwezi umenewu ndi mmene ankaphika kwambiri. Dzuwa likapendeka, dzanja linkatulukira pamwamba pa mpanda litanyamula mbale yachitsulo ya maluwa, yosupuka m'mphepete. Tsiku lina munali futali wa mbatata, lina mpunga wa ku Chinguluwe wothira nsinjiro, lina mandasi otentha.

"Mwana wa kumtunda! Landira, manja akupsa!"

Kwathu ndi kunyanja komwe, mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Azakhali ankandiuza kuti ndiikemo nthochi, mtedza kapena mazira. Ndinkachita zimenezo, koma mtima wanga unali pa buledi. Nthochi n'zogula, mtedza ndi wa bambo, koma buledi anali wa manja anga, ndipo ndinkafuna kuti amayi aja, amene anandichitira zambiri, adye chinthu changa. Ndinazengereza masiku angapo ndisanapemphe.

"Muikemo," azakhali anatero. "Wafika poti anthu angadye osakusumira."

Ndinasankha amene anatupa bwino kuposa onse, ndinamudula pakati, n'kumuyika m'mbale ija nditaitsuka kawiri. Amayi a kuseri anamulandira ndi manja awiri, anathokoza, nalowa naye m'nyumba. M'mawa mwake ndinalimba mtima n'kufunsa pa mpanda ngati anamulawa.

"Eee, zikomo mwanangu, manja ako ndi abwino," anayankha, maso ali pa nsomba zimene ankapala.

Ndinasangalala mpaka masana. Popita kukataya phulusa kudzala ndinamva abakha awo akukangana, ndipo nditasuzumira pa bango ndinaona akulimbirana chinthu choderako. Anali buledi wanga, yense, osalumidwa ndi munthu. Bakha wamkulu ankamukoka n'kumugwetsa, khungu lija likumukanika.

Madzulo a tsiku limenelo chakudya chinabwera ndithu, koma sichinabwere m'mbale. Chinali m'kajumbo kapulasitiki. Mawa lake kajumbo kena. Kajumbo sabweza, ndiye kuti panalibenso choikamo kanthu. Nditapita kukabwereka beseni lawo lalikulu anati muli nsomba, pamene ine ndinkaliona litavundikirika pathandala. Sefa yathu anasiya kuibwereka. Moni ankandipatsabe mwansangala, nthabwala zili zomwezo, koma chiwiya chawo chilichonse chinasiya kuwoloka mpanda.

Ndinavutika nazo ndekha. Ndinkaganiza kuti mwina anapezamo tsitsi, kapena mchenga wa mawere unawalumitsa mano, kapena ndinalakwitsa popereka buledi wodula m'malo mwa wathunthu. Potsiriza ndinawauza azakhali tikumwa tiyi.

"Si onse amakonda zowawasa," anatero. "Koma za kajumbozo, pali nkhani. Pita ukafunse."

"Mwina mukanapita inuyo, azakhali."

"Buledi anaphika ndani?"

"Ine."

"Mnzawo wa pa mpanda ndani? Pakamwa uli napo, ndimakuona ukudyera."

M'mawa mwake, azakhali atapita kusukulu, ndinavala chitenje chabwino n'kuzungulira kukalowera kuchipata, ngati mlendo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akukanda ufa wa mandasi. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafunsa za ana, za bambo, za nsomba, mpaka mafunso anandithera.

"Amayi," ndinatero, "ngati buledi uja anali ndi vuto, mundiuze kuti ndikonze."

Anasiya kukanda. Anayang'ana kuchipata, anayang'ana kumpanda, kenaka anandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Mwanangu, usaope," ananong'ona. "Ine sindinauze munthu."

"Za chiyani, amayi?"

"Iii, ukufuna ndichite kutchula ndili pa swaumu?" Swaumu ndiko kusala kwawo kuja. "Za mowa umene mukufulula m'khitchinimo."



"Ine ndine wamkulu, maso ndili nawo," anapitiriza. "Mawere ndinawaona pamphasa. Kuno mawere akalowa m'nyumba timadziwa kumene akupita. Fungo limatuluka pawindo lanu m'mawa uliwonse, fungo la masese lenileni. Tsiku lija ndinabwera kudzapala moto ndinaona botolo mwalikwirira pansi pa mtsuko, mwaliphimba ndi nsalu. Munthu amabisa chinthu chabwino? Ndipo iwe wemwe nditakufunsa kuti bwanji sukuphika, unati ukudikira kuti ziwire."

Zonsezo zinali zoona.

"Aphunzitsi ndi munthu waulemu, Lamulungu amaimba kwaya. Ngati akufulula pang'ono kuti athandizike, ndi za iwo ndi Mulungu wawo, ine sindiweruza. Koma buledi wokandira masese, kwa ife ndi haramu, n'choletsedwa, ndiye mwezi uno! Kukubwezera sindikanatha, ukanalira. Ndinapatsa abakha. Ndipo udziwe kuti amayi a pa mjigo anandifunsa za fungolo, ine ndinati ndi mankhwala a shuga a aphunzitsi. Ndanama ndili pa swaumu chifukwa cha inu!"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaganiza za azakhali, ndi mandala awo aja ndi buku la nyimbo, akugulitsa masese m'zipanda kuseri kwa sukulu, ndipo ndinaseka mokweza mpaka misozi. Amayi aja anandiyang'ana modabwa, chifukwa anali asanamvepo kuseka kwanga.

Ndinathamangira kunyumba n'kubwera ndi botolo lija. Ndinafotokoza kuti mulibe chimera, kuti ndi ufa ndi madzi basi, kuti palibe amene amamwa, ndi kuti ndimalikwirira chifukwa cha kutentha. Anachotsa kansalu n'kununkhiza, ndipo anabweza mutu msanga.

"Subhanallah! Ndiye ukuti si mowa umenewu?"

Ndinanunkhiza nanenso. Kukana sindikanatha, linkanunkhadi ngati pakhomo pofulula. Kenaka maso anga anagwera pa beseni lina la mandasi limene anakanda m'mamawa, litatupa pansi pa nsalu.

"Pepani amayi," ndinatero motsitsa mawu, "tanunkhizani awo."

"Awa ndi a yisiti wa kugolosale, wa m'paketi."

"Inde amayi. Koma tangonunkhizani."

Anatukula nsalu monyinyirika n'kuweramira. Anakhala choweramira nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Awa akununkha mwaulemu," anatero podzuka. "Ako aja akuchita kukuwa." Anapukuta manja. "Mawa ukamaphika undiitane. Ndione ndi maso anga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Madzi ndibweretsa anga."

Anabweradi m'mamawa ndi ndowa yawo ya madzi, nakhala pa kampando pakhomo la khitchini ngati woyang'anira mayeso. Ndisanayambe anatsegula zitini zathu zonse, kufuna chimera. Anapeza mchere, masamba a tiyi ndi nyemba. Ufa wa mawere anaufikisa pa zala n'kuununkhiza, kuti aone ngati mawerewo anali omeretsa. Poyeza ufa ndinataya wina pansi.

"Ukuthira mchere wochepa," anatero.

"Ndi mmene amafunira azakhali."

"Shuga?"

"Sitithira."

"Mafuta?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye chimenechi ndi chakudya kapena chilango?"

Nditavundikira beseni anamanga okha mfundo pa chitenje, kuti adzadziwe ngati wina watsegula iwo atachoka, napita kukakazinga nsomba zawo. Pobwera masana anapeza mfundo yawo ili momwemo, mtanda utatupa mpaka kukankha nsalu. Azakhali anafika kuchokera kusukulu ndikuyika makala pa chivundikiro, ndipo amayi a kuseri anawafotokozera okha nkhani yonse, osabisa ndi za pa mjigo zomwe.

"Ine kufulula!" azakhali anakhala pansi pakhonde, akupukuta mandala ndi mpango. "Mayi, ndikanakhala wofulula bwenzi ndikuyenda wapansi chonchi? Bwenzi ndili ndi njinga yamoto!"

"Ndimati mwangoyamba kumene, aphunzitsi."

Buledi wa tsiku limenelo anatuluka bwino, mwina chifukwa cha mantha anga. Amayi aja anamutembenuza, anamugogoda, anamununkhiza pansi ndi pamwamba.

"Apa fungo lija lathawa," anavomera. "Koma ine si wophunzira za chipembedzo. Dula kachidutswa."

Anakakulunga pa ngodya ya chitenje napita nako kwa akazi a shehe, amene ankaphunzitsa amayi ku mzikiti, kuti akafunse. Ine ndinatsala ndikusesa bwalo losesa kale. Ndinatsuka mphika, ndinadyetsa mbewu imene ndinali nditaidyetsa m'mawa, ndinatsukanso mphika uja. Azakhali ankachonga makope a ana pakhonde, akundiyang'anira pamwamba pa mandala. Ndinkadziuza kuti akakana palibe cholakwika, chipembedzo ndi chawo, moni tizipatsanabe. Koma ndinkadziwa kuti kukhala kwa tijumbo sikudzafanana ndi kale.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, mawu anadutsa pa mpanda.

"Mwana wa kumtunda! Tenga mpeni ndi chilango chako chija, ubwere kuno!"

Ndinapeza atayala mkeka pabwalo, pali tiyi, futali ndi nsomba zokazinga. Bambo a pakhomopo anakhala pa mpando chapambali, ukonde uli pamiyendo. Ndinali ndisanakhalepo nawo pafupi chotero, ndipo ndinagwada patali mpaka amayi anandikoka dzanja.

"Anati bwanji?" ndinafunsa monong'ona.

"Anandifunsa zimene zimalowamo, ndinawauza zonse monga ndinaonera. Anakafunsa amuna awo, a shehe. Iwo anati, kodi munthu atadya yense angaledzere? Ine ndinati ayi, angatope nsagwada basi. Ndiye anati buledi ndi buledi." Anaseka. "Kachidutswa kaja sanandibwezere. Akuti akalawira tiyi."

Kuitana kwa ku mzikiti kutamveka, anamwa madzi kaye, napemphera mwachidule. Kenaka amayi anandilozera mpeni. Ndinadula mosamala, zidutswa zofanana, n'kupereka choyamba kwa bambo ndi manja awiri. Amayi anatenga chawo, anati Bismillah, anachiviika mu tiyi n'kuluma. Ndinayang'ana pansi, pa mkeka, ndikumva kutafuna kokha.

"Akuwawasa ngati bwemba," anatero amayi. "Dula china."

Bambo aja, amene ndinali ndisanawamvepo akulankhula mawu opitirira moni, anatafuna pang'onopang'ono n'kufunsa kuti buledi ameneyu amakhala masiku angati asanachite nkhungu. Ndinati amapirira kuposa wa kugolosale, amangouma khungu.

"Ameneyu ndi wa pa Mbenji," anatero, kunena chilumba chimene asodzi amakakhalako nyengo ya usodzi ikatsegulidwa. "Wa kugolosale ukadya, bwato lisanafike pakati njala yabwerera. Uyu akukhala m'mimba ngati nangula. Ndikamapita mundiphikire."

"Aphika ndine," anatero amayi. "Mwanayu andigawira mbewu yakeyo. Koma ine ndithira shuga, sindidwala."

"Akathira shuga amuwononga, mwanangu, usawapatse," anatero bambo aja.

"Inu sokani ukonde wanuwo. Mwayamba liti kudziwa za m'khitchini?"

Anakangana choncho mpaka pa chidutswa cha kumapeto, cha khungu lokhalokha, chimene aliyense ankati n'chake. Ine ndinkangodula ndi kupereka, ndikudya futali wawo pakati, osazindikira kuti pa thabwa patsala nyenyeswa zokha. Ndinadzidzimuka nditamva azakhali akuitana kutsidya kwa mpanda.

"Iwe mwana! Tiyi wanga wapsa kuno. Buledi wanga ali kuti?"

Ndinagwira pakamwa. Buledi uja anali wa azakhali, wa madzulo amenewo ndi m'mawa mwake. Ndinayamba kudzuka kuti ndikapepese, koma amayi a kuseri anandigwira phewa n'kundikhazikanso pansi, akumeza chidutswa chomaliza chija.

"Watha, aphunzitsi!" anakuwa. "Fululani wina!"